Kuika hediseti ya njinga ndi zida zobwereka kapena zopanga nokha: mafunso ndi mayankho kwa a ku Joni

Kwa ambiri a ife kuno ku Joni, njinga ndi imene imatifikitsa kuntchito. Wochokera ku Diepsloot kupita ku Fourways, wa ku Cosmo City amene amatsata Malibongwe Drive, wa ku Zandspruit wolowera ku Honeydew, onsewo akudziwa kuti ndalama ya takisi ya mwezi wathunthu ndi imene ikanapita kumudzi. Njinga zathu zambiri n'zogula kwa munthu, pa Facebook Marketplace, pa Gumtree kapena ku Cash Crusaders, ndipo zimabwera zitatopa kale. Zikakumana ndi maenje a m'misewu ya kuno, malo amene amafulumira kudandaula ndi pakhosi pa njinga, pamene foloko imalowa m'felemu, pamene pali hediseti. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene abale amandifunsa kawirikawiri tikamakonza njinga pabwalo Lamlungu masana.

Achimwene, kodi hediseti ndi chiti kwenikweni, ndipo n'chiyani chimafuna zida zapadera?

Hediseti ndi zonse zimene zimathandiza foloko kuzungulira m'khosi la felemu. Pali makapu awiri, yapamwamba ndi yapansi, amene amalowa mothina m'khosimo. Pali mabelingi, kaya timipira tachitsulo tapatokha kaya otsekedwa m'kachingwe kawo kachitsulo. Pali mphete imene imakhala pa phewa la foloko, imene m'mashopu amaitcha crown race. Pamwamba pamakhala manati awiri ngati paipi ya foloko ili ndi mazinga, kapena sitemu (chitsulo cholumikiza mahandulo ndi foloko) yomangidwa ndi mabawuti ndi kachivindikiro ngati ilibe.

Ntchito zofuna zida zapadera ndi zochepa: kutulutsa makapu akale, kulowetsa atsopano, kuchotsa ndi kuika mphete ya pafoloko, ndi kukhomera m'kati mwa paipi ya foloko kanati kooneka ngati nyenyezi, komangiramo bawuti ya kachivindikiro. Kampani ya Park Tool imapanga chida cha ntchito iliyonse mwa izi, koma kugula zonse chifukwa cha njinga imodzi ya kuntchito n'kuwononga ndalama. Zidazo pamodzi zingathe kuposa mtengo umene munagulira njingayo.

Njinga yanga ikuchita khokhokho ndikagwira buleki. Ndiye kuti hediseti yatha?

Osathamangira kugula. Nthawi zambiri imakhala yangomasuka. Gwirani buleki yakutsogolo, ikani zala pamene kapu yapamwamba ikukumana ndi chivindikiro chake, kenaka kankhani njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva kusuntha pansi pa zala, yambani mwamanga kaye. Ngati foloko yanu ndi ya masipuling'i, dziwani kuti nayonso imachita phokoso lomweli ikatha, ndiye zalazo n'zimene zikuuzeni pamene pali vuto.

Hediseti yakutha imadziwika mwina. Nyamulani wilo lakutsogolo, tembenuzani mahandulo pang'onopang'ono. Akamakakamira pakati, ngati pali kadzenje kamene akugweramo wilo likaloza kutsogolo, ndiye kuti timipira takumba timaenje m'kapu kapena pamphete. Mukatsegula n'kupeza dzimbiri lodya chitsulo, girisi wofiira ngati dothi, kapena kapu yong'aluka, pamenepo ndi posintha. Koma mukapeza chitsulo chosalala, tsukani ndi palafini, ikani timipira tatsopano ndi girisi, basi. Makapu asiyeni momwemo.

Ndikagule saizi yanji?

Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama, ndipo palibe chida chopanga nokha chimene chingalowetse kapu ya saizi yolakwika popanda kuwononga felemu.

Njinga zakale ndi zina zotsika mtengo zili ndi paipi ya foloko ya inchi imodzi, 25.4 mm, ya mazinga. Koma za inchi imodzizi zilipo mitundu iwiri yofala. Wina makapu ake ndi 30.2 mm ndipo mphete ya pafoloko ndi 26.4 mm. Wina, umene umatchedwa JIS ndipo umapezeka pa njinga zambiri zopangidwa ku Asia, makapu ndi 30.0 mm, mphete ndi 27.0 mm. Ndi maso simungasiyanitse. Mukaika mphete ya 27.0 pa foloko ya 26.4 imangogwera yokha n'kumagwedera, ndipo ya 26.4 pa foloko ya 27.0 singalowe ngakhale mutaimenya mpaka dzuwa kulowa. Ma Raleigh akale opangidwa ku Nottingham ali ndi vuto lawolawo: mazinga awo ndi 26 pa inchi pomwe ena ambiri a inchi imodzi ndi 24, ndiye nati ya njinga ina imalowa pang'ono n'kukakamira.

Njinga zambiri za m'mapiri zili ndi paipi ya 28.6 mm, yomwe ndi inchi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 8. Makapu ake akunja ndi 34 mm, mphete ndi 30 mm. Pali zina za khosi lonenepa la 44 mm pamene makapu amabisala m'kati. Palinso zina zopanda makapu n'komwe, belingi imangokhala m'felemu momwemo. Ngati yanu ili yotere, mwapulumuka: mumangotulutsa belingi yakale ndi zala n'kuikamo ina, bola ikhale yofanana, chifukwa pali ya 41 mm ndi ya 41.8 mm, ndipo kupendekeka kwa m'mphepete mwake kumakhala madigiri 36 kapena 45. Manambalawa nthawi zambiri amalembedwa pa belingi yakaleyo.

Chida chimodzi chimene ndinganene kuti mubwereke ndithu ndi vernier, choyezera chija chotsetsereka. Amakaniko a magalimoto ndi owotcherera zitsulo amakhala nacho. Chikasowa, kulungani kapu yakale, mphete ndi foloko yomwe, mupite nazo kushopu akayeze okha.

Makapu akale ndiwatulutse ndi chiyani?

Chida chenicheni ndi paipi yong'ambidwa panayi kumapeto, yotambasuka ngati duwa. Mutha kupanga nokha. Pezani chidutswa chowongoka cha handulo yakale yachitsulo, imene imakhala 22.2 mm, kapena paipi yamkuwa ya 22 mm ya mapulambala, yotalika kuposa khosi la felemu. Ing'ambeni ndi sowo yachitsulo mizere inayi yotalika ngati chala, tambasulani timapazito pang'ono. Lowetsani mbali yosang'ambayo poyamba, kokani mpaka timapazi tidutse kapu n'kutambasuka kuseri kwake, mudzamva kuti thapu. Kenaka menyani ndi hamala kumutu kwake. Mkuwa ndi wofewa, umapindika mukagwiritsa ntchito kangapo, choncho chitsulo n'chabwinoko. Komanso kuno nkhani ya kuba mkuwa ndi yaikulu, ndiye ngati mwagula kachidutswa ku hadiweya sungani lisiti, musamayende nako m'chikwama ngati mwakatola.

Njira ina ndi kachitsulo kataliko kosasongoka, kolowa m'khosi n'kukagunda m'mphepete mwa kapu kuchokera m'kati. Menyani pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, kutsogolo, kumbuyo, mozungulira choncho. Mukalimbikira mbali imodzi kapu imatuluka chopendekeka n'kukulitsa dzenje la felemu. Sikuludilaiva yakuthwa ndimaikana, chifukwa imakanda m'kati mwa khosi, makamaka la aluminiyamu. Ikani nsanza pansi kuti kapu ikafwanthuka isathawire pansi pa shaki ya aneba.

Nanga pulesa yolowetsera makapu ndingaipange bwanji?

Pitani ku Builders, ku Cashbuild kapena hadiweya iliyonse, mugule chitsulo cha mazinga kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Amagulitsa chotalika mita imodzi. Cha M12, chonenepa 12 mm, chimakwana, manati ake amagwidwa ndi sipanala ya 19. Cha M16 n'cholimba koposa, manati ake ndi a 24. Gulaninso manati awiri kapena atatu ndi mawasha akuluakulu okhuthala, otambalala kuposa kapu. Mawasha opyapyala amabonyoka n'kulowa m'kapu, ndiye ngati okhuthala palibe sanjikizani atatu kapena anayi. Dulani matabwa awiri olimba ang'onoang'ono, boolani pakati dzenje lokwana chitsulocho ndendende. Thabwa ndi limene likhudze kapu, washa akhale kuseri kwa thabwa. Chitsulocho chiduleni kuti chipose khosi la felemu ndi masentimita 15 kapena 20.

Tsopano tamverani bwino, chifukwa chimene chimawononga mafelemu si kuchepa kwa mphamvu ayi. Chitsulo cha mazinga chili ndi mphamvu zokwanira kung'amba khosi la njinga inu osatuluka thukuta. Pulesa ya m'shopu imaposa yathuyi pa chinthu chimodzi chokha: ili ndi zogwirira kapu kuti ikhale pakati mowongoka. Yathuyi ilibe, ndiye maso anu ndi amene agwire ntchito imeneyo.

Pukutani m'khosi, chotsani dzimbiri ndi penti yotumphuka, pakani girisi m'khosimo ndi pakapu. Lowetsani kapu imodzi yokha nthawi imodzi, thabwa linalo likhale pa felemu penipeni. Yambani ndi yapansi. Mangani nati ndi zala mpaka zonse zigwirane, onani kuti chitsulo chili pakati, kenaka zungulizani sipanala theka lokha. Imani. Yang'anani kuchokera kutsogolo ndi m'mbali ngati mpata wa pakati pa kapu ndi felemu ukufanana kuzungulira konse. Mamilimita awiri kapena atatu oyamba ndi amene amalamula zonse. Kapu ikayamba mowongoka imadzitsogolera yokha mpaka kumapeto. Ikayamba chopendekeka pang'ono, masulani, sunthirani chitsulo ku mbali imene yatsalira m'mwamba, finyani pang'ono mpaka ifanane. Ikapendekeka kwambiri, itulutseni muyambirenso. Musanene kuti iwongoka yokha m'kati.

Mukafika kumapeto sipanala imalimba mwadzidzidzi. Pamenepo lekani. Unikani ndi tochi ya foni kuseri, pasaoneke kuwala pakati pa kapu ndi felemu. Ngati hediseti yanu ili ndi mabelingi otsekedwa ochotseka, achotseni musanafinye, mphamvu idutse pa mlomo wa kapu osati pa belingi.

Ankolo ena amangoika thabwa n'kumenya ndi hamala. N'kulakwa?

Pa felemu yachitsulo yokhuthala ndi makapu achitsulo, amakaniko a kwathu akhala akuchita zimenezi kuyambira kalekale, ndipo njinga za kabaza zikuyenda. Sindinganame kuti sizitheka. Khosi likhale pa thabwa lolimba pansi, wina agwire felemu, thabwa lina pamwamba pa kapu, kumenya pakati mosapupuluma. Koma pa aluminiyamu ndimakana, ndipo pa felemu ya kaboni, yopangidwa ndi ulusi osati chitsulo, musayerekeze. Khosi la aluminiyamu likang'aluka njinga yatha, kuwotcherera kwa pamsewu sikungalibwezeretse. Chitsulo cha mazinga ndi mawasha ake n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi felemu.

Kuntchito kuli vaisi yaikulu. Ingagwire?

Ngati ikutsegula mokwanira khosi, kapu ndi matabwa awiri, imagwira bwino, mwinanso kuposa chitsulo cha mazinga chifukwa milomo yake ndi yowongoka kale. Pakufunika munthu wachiwiri wonyamula felemu.

Ndamva zoika makapu mufiriji. N'zoona?

Chitsulo chikazizira chimanyala, zimenezo n'zoona, koma pa kapu ya 34 mm kunyalako ndi kagawo kakang'ono kwambiri ka milimita. Kumathandiza poyambira, makamaka pa makapu a aluminiyamu, ndipo kumatha msanga kapu ikakhudza manja ndi felemu. Ikani mupulasitiki usiku wonse ngati eni firiji alola. Sikungasandutse kapu ya 30.2 kukhala ya 30.0.

Mphete ya pafoloko ndiichotse bwanji, ndipo yatsopano ndiikhomere ndi chiyani?

Pochotsa, tembenuzani foloko, paipi yake igunde pa thabwa. Pa foloko zopyapyala mphete imatulukira kutsogolo ndi kumbuyo kwa phewa, ndiye mumaigogoda ndi kachitsulo kosasongoka mosinthanasinthana. Pa foloko za masipuling'i phewa ndi lotambalala, mphete ilibe pogwira. Pamenepo lowetsani mpeni wakale wosafuna ntchito pakati pa mphete ndi phewa, gogodani pang'ono kuzungulira konse, mpata ukapezeka lowetsani chokhuthalako. Tetezani maso, lumo la mpeni limatha kuthyoka.

Poika yatsopano mufunika paipi ya pulasitiki yolimba, imene paipi ya foloko ikulowamo mosavuta koma mlomo wake ukukhala pa mpheteyo, ndipo italike kuposa paipi ya foloko. Pitani ndi foloko ku hadiweya mukayese, kapena funsani m'bale amene amagwira ntchito ndi mapulambala, zidutswa zotere amataya tsiku lililonse. Mlomo wake udulidwe mowongoka. Pakani girisi, ikani mphete, vekani paipi, kenaka tembenuzani zonse foloko ikhale m'mwamba, muzimenyetsa paipiyo pansi pa simenti mutagwira miyendo ya foloko. Musaimike foloko pa timapazi take togwira wilo n'kumamenya pamwamba, timapindika. Phokoso likasintha n'kumveka lolimba, mphete yakhala. Onani kuti palibe mpata pansi pake.

Ena amadula mphete ndi sowo kuti ilowe ndi manja. Izi zimatheka pa hediseti ya mabelingi otsekedwa pokha, pamene mphete imangokhala pokhalira belingi. Pa ya timipira tapatokha ayi, chifukwa timipirato timayenda pa mpheteyo ndipo tizipunthwa pa mng'aluwo.

Kanati kanyenyezi kaja kakulowa chokhota. Nditani?

Pezani bawuti yaitali ya M6, imangeni m'kanatiko, ndipo muiveke soketi kapena kapaipi kolowa bwino m'paipi ya foloko kuti iziwongolera. Gogodani mutu wa bawuti mpaka kanati kalowe mamilimita pafupifupi 15 kuchokera pamlomo. Kakakhota pang'ono mutha kukawongola pogogoda bawutiyo cham'mbali. Kakakhota kwambiri musalimbane nako kukakokera m'mwamba, mano ake anapangidwa kuti asabwerere. Kakankhireni pansi ndi kachitsulo, muikepo kena.

Paipi ya foloko ikakhala ya kaboni, kanati kotere sikalowamo. Mano ake amadula ulusi wa kaboni ndipo foloko ingathyoke muli pa liwiro. Imeneyo imafuna chogwirira chotambasuka ndi alenikii.

Ngati foloko ndi yatsopano yofuna kudula, sonkhanitsani zonse kaye, lembani mzere pamwamba pa sitemu, mudule mamilimita 3 pansi pa mzerewo. Sitemu yakale kapena kilampu ya paipi yamadzi imathandiza sowo kuyenda mowongoka. Salazani ndi tupa. Mukakayika siyani yaitali muwonjezere masipesa, timphete tokhala pansi kapena pamwamba pa sitemu, chifukwa yaifupi ilibe mankhwala.

Ndilibe sipanala yopyapyala ya manati a pakhosi. Bobojani sangagwire?

Amagwira, koma amatafuna nati ndi kusiya mano, ndipo tsiku lina sipanala yeniyeni sidzalowanso. Manati a hediseti ya inchi imodzi nthawi zambiri ndi a 32 mm, a ya mazinga ya 28.6 mm ndi 36 mm. Nati yapamwamba mutha kuigwira ndi shifitingi yaikulu. Yapansi, imene imafinya timipira, ndi imene imafuna sipanala yopyapyala, ndipo owotcherera zitsulo angakudulireni pa chitsulo chafulati mukawapatsa muyeso. Pa njinga zina yapansiyo ilibe mbali zogwira sipanala, ndi yozungulira ya timizere, imamangidwa ndi dzanja. Chofunika n'chakuti yapansi isasunthe pamene mukulimbitsa yapamwamba. Musaiwale washa wa kadzino amene amakhala pakati pawo.

Abwana anga ali ndi zida zonse za njinga m'galaja. Ndingobwereka Loweruka n'kubweza Lolemba?

Pemphani, ndipo pemphani pamaso. Ambiri timagwira ntchito m'nyumba za anthu okonda njinga, aja amadzuka m'mamawa kukapalasa ku Cradle, kunja kwa tauni, kapena kukonzekera mpikisano wa njinga wa Ride Joburg, ndipo m'magalaja mwawo muli zida zimene shopu ya kwathu ilibe. Koma chida chotuluka pageti mwini wake osadziwa, ngakhale mutabweza chili bwinobwino, dzina lake ndi lina. Ntchito ingathe chifukwa cha chinthu cha mphindi makumi awiri, ndipo mbiri yoipa imagwera Amalawi onse a mumsewu umenewo.

Nzeru yabwino ndi kubwera ndi felemu kuntchito n'kupempha kuti mugwirire pomwepo nthawi yopuma. Okonda njinga ambiri amasangalala kuonetsa zida zawo, mwina adzakugwirirani okha. Akakana, musadandaule nazo.

Pakati pa ife tokha lamulo ndi lomwe lija la makolo, khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Nenani tsiku lobweza ndipo mulisunge. Pukutani girisi, werengani tizidutswa tonse, chifukwa pulesa yosowa kachidutswa kamodzi ndi chitsulo chabe. Chikawonongeka nenani nokha mwini asanaone. Ndipo chobwereka sabwereketsa: achimwene a ku Tembisa akachifuna, apite okha kwa mwini wake.

Palinso njira imene anthu amaiwala. Vulani nokha zonse, tsukani, mupite kushopu ya njinga ndi felemu, foloko ndi hediseti yatsopano m'manja, mupemphe kuti angokufinyirani makapu ndi mphete. Kwa makaniko ndi ntchito yaifupi, ndipo mtengo wake sufanana ndi wosiya njinga yonse. Funsani mtengo asanayambe, ndipo pewani Loweruka m'mawa ndi masabata oyandikira mipikisano ikuluikulu, pamene mashopu amadzaza.

Ndi liti pamene ndiyenera kusiya n'kupita kushopu basi?

Felemu kapena foloko ikakhala ya kaboni. Mukaona mng'alu pakhosi. Kapu yatsopano ya saizi yoyenera ikamangogwera yokha m'khosi, kusonyeza kuti dzenje linakula. Komanso mukaika zonse bwino koma mahandulo akuthina mbali ina n'kumasuka mbali ina: pamenepo mwina foloko inapindika pa ngozi, kapena milomo ya khosi siyofanana ndipo ikufunika kupalidwa ndi chida chodula chimene simungapange pabwalo.

Timipira tina tagwa m'dothi. Ndingasakanize ndi takale ta njinga ina?

Ayi, gulani tatsopano tonse, n'totsika mtengo. Hediseti zambiri zimadya ta 5/32 ya inchi, pafupifupi 4 mm, ngakhale zina zakale zimadya ta 1/8. Pitani ndi kamodzi kachitsanzo. Ngati kachingwe kogwira timipira kathyoka mutha kuika tapatokha: pakani girisi wambiri m'kapu, yalani timipira mpaka mzere udzaze, kenaka chotsanipo kamodzi. Girisi wa mabelingi a galimoto ndi wabwino. Mvula ya kuno ya mabingu, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, imalowa kwambiri m'kapu yapansi chifukwa wilo limaponyera madzi pomwepo, choncho chidutswa cha chubu chakale chovekedwa pa kapuyo chimathandiza.

Ndamaliza kuika. Ndimange mpaka pati?

Pa yopanda mazinga, mabawuti a m'mbali mwa sitemu akhale omasuka poyamba. Mangani bawuti ya kachivindikiro pang'onopang'ono mpaka khokhokho uja atasiya, osapitirira. Ntchito yake ndi kufinya mabelingi pang'ono chabe, si imene imagwira mahandulo. Ikalimba koma kugwedera kukadalipo, ndiye kuti kachivindikiro kakugunda paipi ya foloko, onjezerani sipesa imodzi. Kenaka wongolani mahandulo ndi wilo, mangani mabawuti a sitemu mosinthana. Pa masitemu ambiri palembedwa 5 Nm kapena 6 Nm, mphamvu ya alenikii yaifupi m'dzanja limodzi, osati yowonjezera paipi. Nyamulani kutsogolo, mahandulo azigwera okha mbali iliyonse. Yesaninso patatha masiku angapo mukuyenda.

Njingayi ndikufuna kuitumiza kumudzi pa basi kumapeto a chaka. Pali choti ndichite pa hediseti?

Ganizirani amene akaikonze kumeneko. Makaniko wa pa Jenda kapena pa Ntaja timipira, makapu ndi manati a njinga za mazinga amazipeza mosavuta, koma belingi yotsekedwa ya 41.8 mm angaisowe, njinga yabwinobwino n'kukhala pakhonde miyezi. Ngati yanu ili ya mtundu umenewo, gulani mabelingi awiri apadera kuno, lembani manambala ake papepala, muzimangirire pamodzi ndi alenikii ya 4 ndi ya 5 pansi pa chishalo. Popakira, masulani mabawuti a sitemu mutembenuze mahandulo agone motsata felemu, koma kachivindikiro kapamwamba musakachotse, kuti foloko isasololoke ndi timipira kumwazika m'ngolo ya katundu.